Anti awononga kahuva kamene ndinagula pa sale, ndiwadule zingati?

Membala wosatchula dzina

Mwaswera bwanji amayi ndi abambo a pagulu pano. Admin zikomo pondilola kulemba mobisa dzina, chifukwa alamu anga ali momwemuno ndipo nkhaniyi ikhoza kufika ku Katete dzuwa lisanalowe.

Mu Novembala, pa Black Friday, ndinagula kahuva kakang'ono kogwira m'manja, kaja kotchaja ndi USB, mu shopu ina ya pa mall. Pa shelefu panalembedwa K1,150 koma tsiku limenelo kanali pa K650. Ndinagulira bambo a kunyumba kuno, poti amayendetsa galimoto pa Yango ndipo makasitomala amasiya mchenga ndi nyenyeswa za chipisi m'mipando. Kutsukitsa mkati mwa galimoto kawirikawiri kunkatidyera ndalama. Ndiye kahuvako kamagona pa chaja, m'mawa amanyamuka nako.

Sabata yatha anakaiwala. Mwana wathu wa zaka ziwiri anatayira maheu pa sofa ndi pa kapeti, ndipo anti amene amatithandiza pakhomo anatenga kahuvako n'kukoka maheuwo. Akuti kanasintha kaliridwe, kenako kanayamba kununkha waya wopsa, n'kuzima. Mpaka lero kali zii.

Anti sanabise ayi, anandiimbira foni nthawi yomweyo ndili kuntchito. Akhala nafe chaka ndi miyezi ingapo. Amachokera ku Mtendere wapansi kubwera kuno ku PHI kumene timachita lendi, amafika 06:30 n'kuweruka 17:30, Loweruka amaweruka 13:00. Timawapatsa K1,000 pamwezi ndi chakudya cha masana. Sanabepo ngakhale supuni.

Tsopano m'nyumba muno sitikumvana. Bambo akuti tiwadule K1,150 yonse chifukwa sale inatha ndipo kugula kena lero ndi mtengo umenewo. Ine ndikuti ngati n'kudula, tidule K650 imene inatulukadi m'thumba mwanga, pang'onopang'ono kwa miyezi itatu. Alamu anga akuti tingowauza apite, anthu ofuna ntchito ndi ambirimbiri. Ineyo ndimagwira pa till mu shopu, ndikapezeka ndi shoti amandidula osandifunsa n'komwe, ndiye kudula sindikukuona kwachilendo. Koma mtima sukukhazikika.

Ndithandizeni: ndidule zingati? Nanga lamulo likuti bwanji? Ndipo kodi kahuva kotere kamakonzeka? Chonde musandinyoze, ndabwera kudzafunsa.

Amake Tamanda

Dulani mayi, musachite mantha. K650 imene munalipira, osati inayo, bambowo akuwonjeza. Ine wanga anawotcha diresi langa la kitchen party ndi ayironi, ndinamukhululukira. Mwezi wotsatira anaswa jagi ya blender, ndinakhululukanso. Nditadula kamodzi kokha, zinthu zinasiya kugwa m'manja mwake. Munthu akadziwa kuti chilichonse madamu angoseka, sasamala.

Mlongo wa ku Chawama

Ine ndine mmodzi wa ma anti mukunenawo, chaka chino ndi cha 9 ndikugwira m'nyumba za anthu. Madamu ndikufunseni chinthu chimodzi: tsiku limene munabwera nako kahuvako, munawaitana anti n'kuwaonetsa kuti aka sikakoka madzi? Kapena munangokasiya pa chaja pamene iwo amapukuta tsiku lililonse? Ife timaona madamu akukoka fumbi pa sofa, ndiye sofa ikada timatenga chomwecho. Akanasiya maheu kuti aume pa kapeti mpaka madzulo, mukanawakalipira kuti ndi aulesi. Anathamangira kuti nyumba yanu isanunkhe.

Ndiye muwerenge. Pa K1,000 muchotse K217 mwezi uliwonse. Thumba la ufa lichokepo, makala achokepo, lendi ya kachipinda mu komboni ichokepo. Chotsala n'chiyani? Munthuyo akalowa kaloba, ndipo akayamba kubwera kuntchito nkhope ili gwa muzidzati wasintha khalidwe.

Amake Tamanda

Ndiye mwati katundu wathu azingowonongeka ife tili duu? Nafenso ndalama sititola pansi.

Mlongo wa ku Chawama

Sindinatero mayi. Wowononga dala alipire. Koma mwana wanu akaswa mbale mumamudula chiyani? Amuna anu akagunditsa galimoto pa geti mumawadula chiyani? M'nyumba yonse amene amalipira ngozi ndi yekhayo amene amalandira zochepa.

Bambo wokonza zamagetsi

Ndiyankhe funso lachitatu, za malamulo ndisiyira eni ake. Tihuva tating'onoti tambiri ndi ta fumbi louma basi. Mkati muli kabotolo kosungira zinyalala, kasefa, kenako fani imene imazungulitsidwa ndi kamota, ndi batire ya lithium kuchogwirira. Mpweya umene umakoka fumbi ndi womwewo umene umaziziritsa mota. Mukakoka chamadzimadzi, kasefa kamanyowa n'kutseka, mpweya sudutsa, mota imatentha. Maheu ndiye oipitsitsa chifukwa ali ndi ufa ndi shuga, akauma amamata zonse. Phulusa la pa mbaula nalonso limatseka kasefa msanga, ndipo likakhala ndi kamoto ndiye zina. Tilipo tina tolembedwa wet and dry, timeneto tili ndi kamlomo ka labala ndi malo osungira madzi pang'ono, koma nato sitifuna kudzaza.

Musakayatsenso ndipo musakaike pa chaja. Batire ya lithium imene yalowa madzi imatha kutupa kapena kuyaka. Chotsani kabotolo ndi kasefa, mutsuke ndi madzi okha, muumitse tsiku lathunthu. Thupi lakelo pitani nalo kwa wokonza, ku Town Centre kapena ku Kamwala alipo ambiri. Nthawi zina chimene chapsa ndi switch kapena kabolodi kakang'ono, mota ili bwinobwino. Mukambirane mtengo asanatsegule. Ikakhala mota, nthawi zambiri siyenera kuvutikira pa kahuva ka mtengo umenewu.

Ndiye musanakangane za K650 ndi K1,150, dziwani kaye ngati kafadi. Mwina mukukangana pa maliro a munthu wokomoka.

Mayi wa HR ku Longacres

Mayi wofunsa, ndikuyankhani mwaulemu koma zina sizikukomerani. Wantchito wa pakhomo ndi wantchito ngati inu nomwe, ndipo Employment Code Act ya 2019 imamuteteza, ngakhale munangopangana pakamwa.

Za kudula: lamulo silikupatsani mphamvu yodula malipiro chifukwa chinthu chawonongeka basi. Limalola kudula ndalama yoyenerera ngati katundu wawonongeka chifukwa cha kulakwa kwadala kwa wantchito, ndiponso wantchitoyo avomere polemba ndalamayo ndi kudulako. Zonse ziwiri zikhalepo. Munthu amene sanauzidwe kuti makina sakoka madzi, n'kuwagwiritsa ntchito poyeretsa nyumba yanu, n'kukuimbirani yekha, ine sindikuona dala lake. Ndipo kumuikira pepala kutsogolo n'kumuuza kuti saina kapena upite, kumeneko si kuvomera.

Nkhani ya shoti ya pa till ndi ina. Lamulo lomweli limaitchula payokha, kwa wantchito amene kontrakiti yake ikunena kuti wapatsidwa udindo wolandira ndi kusunga ndalama, ndipo shotiyo yabwera chifukwa cha kusasamala kwake. Sizikutanthauza kuti bwana aliyense angadule chilichonse.

Za alamu anu: kuchotsa munthu ntchito kumafuna chifukwa chomveka, ndipo ngati n'chokhudza khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito, ayenera kupatsidwa mpata woti anene mbali yake. Munthu amene wagwira nthawi yaitali chonchi amafunikanso notisi ya masiku 30 kapena malipiro a m'malo mwake.

Tsopano chimene simunafunse. Kuyambira pa 1 Januwale 2024, malipiro otsikitsitsa a wantchito wa pakhomo anakwera kuchoka pa K993.60 kufika pa K1,300 pamwezi, ya thiransipoti ili momwemo. Inu mukupereka K1,000. Maola a lamulo ndi 48 pa sabata, ndipo mmene mwalembera anti anu akudutsa maola 60. Opitirirawo ndi ovataimu. Palinso livu ya masiku awiri pa mwezi uliwonse umene munthu wagwira. Antiwo atati apite ku ofesi ya Labour lero, K300 ya mwezi uliwonse yokha pa chaka chimodzi ndi K3,600. Mungagule tihuva tingati?

Membala wosatchula dzina (mwini funso)

Eee mayi, mwandilasa. Za K1,300 ndinamvapo pa wailesi koma anti anabwera okha n'kunena kuti K1,000 ili bwino poti sakwera basi. Komanso ine malipiro anga si a ku Kabulonga. Ndikalipira lendi, magetsi ndi chilimba, chotsala n'chochepa. Galimoto nayonso si yathu, bambo amapereka cashing kwa mwini wake sabata iliyonse.

Mayi wa HR ku Longacres

Ndikumvetsa. Koma kuvomera kwawo sikufafaniza lamulo. Malipiro otsikitsitsa anaikidwa chifukwa chomwecho, choti munthu wanjala amavomera chilichonse.

Mphunzitsi wopuma wa ku Chelstone

Pano aliyense akulankhula ngati olemba ntchito tonse tili ndi swimming pool. Ambiri amene timalemba ma anti mu Lusaka muno ndi aphunzitsi, manesi, apolisi, ogulitsa m'mashopu ngati mayi afunsawa. Timalemba munthu osati chifukwa cha ulemerero, koma chifukwa palibe wosiyira mwana. JCTR imene imawerengera mtengo wa zofunika pa banja la anthu asanu mu Lusaka inapeza kuti mu 2024 unadutsa K10,000 pamwezi. Ndi angati pagulu pano amalandira ndalama imeneyo? Ndiye wolemba ntchito ali pamoto, wolembedwa ali pamoto.

Ine lamulo sindikulitsutsa. Chimene ndikunena n'chakuti ufulu uli mbali ziwiri. Wantchito akachoka pa 2 atalandira pa 30, osatsanzika, ana n'kutsala okha m'nyumba, bwana amakadandaula kuti? Akapempha advance ya maliro n'kusowa nayo, ndani amathamangitsa? Ofesi ya Labour ili ndi khomo lalikulu la wantchito, la bwana ndi kazenera. Ndipo mukaumiriza kwambiri, mayi ngati awa angowachotsa anti n'kutumiza uthenga kumudzi kuti abwere kamtsikana, kamene sikadzalandira ngakhale K1,000.

Mlongo wa ku Chawama

Aphunzitsi, kamtsikana mukunenako ndinali ine. Ananditenga ku Chadiza ndili ndi zaka 13, amvekere ukapitiriza sukulu ku Lusaka. Sukuluyo inali kukolopa ndi kupaka cobra. Musatiopseze nazo ngati ndi njira yabwino.

Mayi wa HR ku Longacres

Ndipo kulemba ntchito mwana wosafika zaka 15 ndi mlandu. Aphunzitsi, pa advance ndi kuthawa mwanena zoona, zimachitika. Koma mankhwala ake ndi pepala. Lembani pangano: ntchito yake ndi iti, maola, malipiro, notisi ya mbali zonse. Mukhale ndi kabuku kosainirana malipiro ndi advance, kapena muzilipira pa foni kuti umboni uzitsala. Advance imene yalembedwa lamulo limalola kuidula. Ambiri safuna pepala chifukwa likalembedwa K1,000 ija imaonekera poyera.

Mphunzitsi wopuma wa ku Chelstone

Pepala ndavomera. Koma amene sangakwanitse K1,300 atani? Asiye ntchito azilera mwana?

Amake Dalitso

Achepetse masiku aphunzitsi. Ine sindikanatha kulipira wa sabata yonse, ndiye tinagwirizana ndi neba. Anti amabwera kwa ine masiku atatu, kwa neba masiku atatu, aliyense amalipira gawo lake, ndipo pamodzi amalandira kuposa K1,300. Masiku enawo mwana amapita kwa apongozi. Si aliyense ali ndi apongozi pafupi, ndikudziwa. Koma kufuna munthu kuyambira 06:30 mpaka 17:30 pa ndalama ya theka la tsiku, n'kumudulanso, ayi.

Mnyamata wa ku Matero

Inu mukuvutikiranji? Tsukani kahuvako bwinobwino, kabwezereni m'katoni, mupite nako ku shopu mukanene kuti kanangozima kokha. Waranti ilipo. Ndipo paja "no refund no return" ija ndi yoletsedwa, mukawatchulira CCPC, bungwe loteteza ogula, amanjenjemera.

Bambo wokonza zamagetsi

Achimwene, wokonza akangotsegula, fungo la maheu limulonjera. Shuga wouma pa fani sabisika. Waranti imateteza chimene chalakwika ku fakitale, osati chimene chalowa madzi.

Mayi wa HR ku Longacres

Zoti shopu siloledwa kupachika chikwangwani chokana kubweza katundu n'zoona, zili mu Competition and Consumer Protection Act ya 2010, ndipo katundu wa pa sale nayenso ali momwemo. Koma zimenezo ndi za katundu amene anagulitsidwa ali ndi vuto. Mayiwa kawo kanagwira ntchito bwinobwino mpaka tsiku la maheu. Musawatume kukanama.

Dalaivala mnzawo

Ine ndilankhule ndi bambowo kudzera mwa inu mlamu. Kahuva kanali ka galimoto, anakaiwala ndi iwo, anakasiya poti aliyense akhoza kukatola. Ndiye akufuna anti alipire K1,150 pa chinthu chimene chagwira ntchito miyezi iwiri tsiku ndi tsiku? Ngakhale inshuwalansi sikubwezera mtengo wa galimoto yatsopano pa galimoto yoyenda kale. Ndipo K1,150 ija ine sindiikhulupirira. Mitengo ina ya pa Black Friday amayamba aikweza kuti pochotsa muone ngati mwapha njovu. Yendani m'mashopu a ku Kamwala muone okha tofanana nato tikupita pa zingati. Apo ayi, burashi ndi kansalu konyowa, ife tinkayeretsa matakisi huva isanabwere.

Wachinyamata wina

Pepani posokoneza, sale imeneyo idakalipo? Ndi shopu iti? 😂

Agogo a ku Kabwata

Mwana wanga, ine za malamulo sindidziwa zambiri, ndalera ana asanu ndi mmodzi ndi thandizo la anthu ngati antiwo. Wanena wekha kuti anakuimbira foni. Akanatha kukapukuta n'kukabwezera pa chaja, bambo a mwana n'kumaganiza kuti kafa ndi magetsi obwera mwamphamvu pambuyo pa load shedding. Palibe akanadziwa. Ukawadula lero, wawaphunzitsa kuti kunena zoona kumadula K650. Tsiku lina chidzagwe si huva, ndi mwana wako pa bedi, ndipo udzafuna kuti foni ija ilire nthawi yomweyo.

Ndipo iwe wekha ukuti kuntchito amakudula osakufunsa. Ukabwera kunyumba tsiku limenelo umamva bwanji? Ndiye ukufuna upatsire mnzako.

Amake Tamanda

Agogo mwalankhula, koma ine ndikadali pomwepo. Ngakhale K200 yokha, kuti adziwe kuti katundu wa eni safunika kugwiragwira osafunsa.

Mlongo wa ku Chawama

Kufunsa ndani mayi? Madamu ali pa till, foni saloledwa kuyankha. Bwana ali pamsewu. Tsiku lonse nyumba timaiyendetsa tokha, ndipo zikayenda bwino palibe amati munafunsa ndani.

Mayi wa HR ku Longacres

Ndiwonjezere chimodzi poti ena andifunsa ku inbox. Inde, wantchito wa pakhomo amayenera kulembetsedwa ku NAPSA, bungwe la penshoni. Ndi 10 peresenti ya malipiro, 5 kuchokera kwa bwana, 5 kuchokera kwa wantchito. Pa K1,300 ndi K65 aliyense. Kumeneko ndiye kudula kumene lamulo likufuna, ndipo ndi kumene ambiri sachita. Ma anti amene muli pano, kulinso mabungwe a ogwira ntchito za m'nyumba, ndipo kukadandaula ku ofesi ya Labour sikufuna loya.

Mphunzitsi wopuma wa ku Chelstone

Ndipo ma anti ambiri ndi amene amakana NAPSA, amati ndipatseni yonse m'manja. Nenaninso zimenezo.

Mlongo wa ku Chawama

Timakana chifukwa K65 kwa ife ndi ndiwo za masiku angapo, komanso ena amatidula koma osakapereka. Mundionetse pa foni kuti yalowa, sindikana.

Membala wosatchula dzina (mwini funso)

Zikomo nonse, ndawerenga ndemanga iliyonse, ngakhale zondiwawa. Ndikuuzeni pamene tafika.

Kahuva ndinapita nako kwa wokonza dzulo nditaweruka. Akuti kabolodi kapsa ndipo fani yamatana, koma mota ikuzungulira akaipatsa moto mwachindunji. Andiuza K180 pamodzi ndi ntchito, ngati apeza kabolodi kolingana. Ndalipira theka.

Anti sindiwadula. Nditawauza anati iwo anali atakonzeka kale kuti mwezi uno salandira kanthu, ndipo anali atauza kale a landilodi awo kuti adzachedwa. Za K1,300 ndayamba kukambirana nawo. Maola amene ali pano sindingakwanitse kulipira ovataimu yake, ndiye ndikuganiza zoti Loweruka asamabwere, ndipo masiku amene ndili pa shifiti ya masana azifika mochedwerapo. Iwo akuti Loweruka akhoza kumachapa kwina. Za miyezi ya m'mbuyo sitinafikepo, ndipo ndikuziopa.

Bambo sanagwirizane nazo. Akuti gulu la pa Facebook silimulipirira cashing, ndipo K300 yowonjezerayo ichokere kwa ine poti ndine ndakafunsa. Alamu anga nawo andizindikira, andiimbira kale.

Mayi a HR, kapena aliyense amene analembapo pangano ndi anti, mungandithandize mmene mumalembera? Likufunika kusainidwa ku ofesi ya Labour, kapena ife awiri ndi mboni basi? Anti amawerenga Chinyanja bwino kuposa Chingerezi, ndiye ndikufuna likhale m'zilankhulo zonse ziwiri.

Mayi wa HR ku Longacres

Lembani m'zilankhulo zonse ziwiri, muwawerengere mokweza pamaso pa mboni imene asankhe okha, aliyense asunge kope lake. Mukatero pitani nalo ku ofesi ya Labour akalione, akuuzaninso kawerengedwe ka za m'mbuyozo. Mupite nawo limodzi antiwo, pa tsiku la ntchito, ndipo tsikulo musawadule.

Amake Dalitso

Ngati Loweruka akhala omasuka, mundiuze ku inbox. Mchemwali wanga ku Ibex akufuna wochapa ndi kusita tsiku limenelo, amalipira pa tsiku.